Kodi Mkamwini Akhoza Kukhala Mkuru wa Mpingo?

Ikafika nyengo yakusankha akuru a mpingo kuno ku mapiri a Dedza, timawerenga 1 Timoteo 3 ndi Tito 1, koma tikatseka Buku timasankha monga anthu osamva. Tiyang'ana munthu wa munda waukuru wa mbatata, kapena mbale wa mfumu, kapena wodziwa kukometsa mau pabwalo. Muyeso wa Paulo, wakuti woyang'anira ayambe waweruza bwino nyumba yace, tiulumpha. Cizolowezi cimeneci ticitsutsa.

Sukulu ndi mapemphero zinakhazikika ku Mlanda m'caka ca 1902 ndi ku Mphunzi m'caka ca 1903, ndipo Buku Lopatulika lonse linasindikizidwa m'cinenero cathu m'caka ca 1922. Cotero sitingathe kunena kuti sitidziwa. Cotiletsa ndi cina, ndipo tiyenera kucichula poyera.

Ambiri a ife ndife akamwini. Tinamanga kwa akazi athu, tilima minda ya apongozi, ndipo pa mwambo wa Acewa ana ali a mbumba ya amai ao. Mlandu ukabuka, wolankhula ndiye mtsibweni. Anthu amati mkamwini ndi mlamba, sacedwa kutereleka. Tsono ena afunsa: munthu wotere aweruza bwanji nyumba imene si yace? Funso ili ndi loona, koma mayankho awiri amene timamva ali olakwa onse.

Oyamba ati muyeso uwu unalembedwera anthu a ku Efeso ndi Krete, sutikhudza ife. Amenewa aiwala Eli, wansembe wa ku Silo, amene anatumikira kunyumba ya Yehova osaletsa ana ace, natayika pamodzi nao. Aciwiri ati mwamuna alande ulamuliro, akalipire mkazi, anyoze atsibweni, kuti aoneke mutu wa banja. Amenewa aiwala kuti m'ndime yomweyo Paulo akaniza munthu wandeu ndi womenya anzace.

Tipenyetse ndime yacisanu. Paulo ayerekeza kuweruza nyumba ndi kusunga Eklesia, ndipo liu la Cihelene la kusungako ndi lomwe Luka analemba ponena za Msamariya uja wosamalira munthu wolasidwa ndi acifwamba. Ulamuliro umene Paulo afuna ndiwo cisamaliro, ndipo cimeneci cikamwini siciletsa. Mtsibweni saletsa atate kupemphera ndi ana madzulo, kufolera denga mvula isanagwe, kulipirira mwana sukulu, kapena kubwera nazo kunyumba ndalama za mbatata osazimwera mowa pamsika wa Lizulu. Ndiponso mkamwini yemweyo ali mtsibweni kumudzi kwao. Cotero Mcewa ayesedwa pa nyumba ziwiri: ana amene anabala, ndi ana a mlongo wace. Wogulitsa munda wa amasiye a mbumba yace sangasunge nkhosa za Kristu, cingakhale pemphero lace ligwetsa anthu misozi.

Nanga ticite ciani? Tisanakweze manja, tifunse amene adziwa. Munthu timuona ife tsiku la Sabata lokha, atabvala jekete. Koma ankhoswe a ukwati wace, apongozi ace, ndi amai a Cigwirizano, amene akhala akuyendera mabanja kuyambira 1940, adziwa ngati nkhokwe yace idyetsa ana, ndi ngati mkazi wace amalira usiku. Paulo afunanso umboni wabwino wa akunja. Tsono ngakhale mnansi wosapemphera afunsidwe.

Tikatero, mwina wacuma adzakwiya, ndi zopereka zace zidzacepa. Koma mkuru woipa aononga zoposa zimenezo, pakuti anyamata aphunzira ukwati poona iye. Cisankho cikudzaci, mpingo uli wonse uchule maina msanga, upatse anthu masabata akufunsa, ndipo pambuyo pace usankhe.