Lipoti la Lancet la matenda oiwalaiwala lasiya HIV kunja

Mu 2024 akatswiri otsogoleredwa ndi Pulofesa Gill Livingston wa ku University College London anatulutsa lipoti m'magazini ya The Lancet lokhudza dementia, matenda oiwalaiwala. Lipotili likuti pa odwala 100 alionse, pafupifupi 45 akanapewa matendawa kapena kuwachedwetsa zikanathetsedwa zinthu 14 zowonjezera chiopsezo. Zina mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kusamva bwino, vuto la maso losachiritsidwa, mpweya woipa komanso kusapita patali ndi sukulu.

Ubwino wa lipotili ndi woti likutsutsa maganizo akuti kuiwala ndi ukalamba chabe. Zambiri pamndandandawu ndi ntchito yomwe azaumoyo akugwira kale: kuyeza BP, kutumiza agogo a ng'ala kuchipatala, kulimbikitsa kusiya fodya.

Komabe pali zofooka ziwiri. Choyamba, kafukufuku wambiri amene lipotili latsamirapo anachitikira m'mayiko olemera, ndipo HIV palibe pa zinthu 14 zija. Ku Malawi, komwe anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachilomboka ndipo ambiri akukalamba akumwa ma ARV, mpata umenewu ndi waukulu. HIV imawononga ubongo payokha: munthu amachedwa kuganiza, kuyankha ndi kuyenda.

Chachiwiri, chiwerengero cha 45 chimaphatikiza matenda osiyanasiyana ngati amodzi. Matenda a Alzheimer's, omwe bungwe la WHO limati ndiwo 60 mpaka 70 pa 100 alionse, amayamba pang'onopang'ono ndi kuiwala zaposachedwa. Ena amabwera mitsempha ya magazi ya muubongo ikatsekeka, kawirikawiri pambuyo pa sitiroko, ndipo awa ndiwo amapeweka kwambiri BP ikasamalidwa. A Lewy body amachititsa munthu kuona zinthu zomwe palibe, thupi n'kumauma. A frontotemporal amayamba ndi kusintha khalidwe kapena kalankhulidwe, nthawi zambiri munthu asanafike zaka 65.

Kusiyanitsaku n'kofunika pamudzi. Gogo wonena kuti akuona anthu m'nyumba, kapena wopezeka kwa eni usiku atasochera, satenga nthawi kutchedwa mfiti. Mlangizi wa zaumoyo wodziwa zizindikirozi akhoza kufotokozera banja ndi amfumu kuti ndi matenda, zinthu zisanaipe.

Palinso mavuto ofanana ndi dementia koma ochizika: chindoko chofika muubongo, kuchepa kwa vitamini B12, kufooka kwa chithokomiro ndi matenda ovutika maganizo. Kusokonezeka mutu kongoyamba dzana, makamaka thupi likutentha, kumafunika chipatala tsiku lomwelo.

Lipotili ndi lothandiza pa kapewedwe. Koma wodwala akafika, mafunso ofunika ndi awa: zinayamba liti, zinayamba bwanji, ndipo anayezetsa HIV ndi chindoko?