NYUMBA YA MAKOMO AWIRI

M'caka ca 1886 munaturuka ku London kabuku kochedwa Strange Case of Dr Jekyll and Mr Hyde. Mlembi wace anali Robert Louis Stevenson, mbadwa ya ku Scotland, amene anabadwira m'mzinda wa Edinburgh m'caka ca 1850 namwalira ku Samoa m'caka ca 1894. Anthu ambiri amati bukuli ndi nthano yoopsa cabe ya mankhwala osandutsa munthu. Koma woliwerenga mofatsa apeza kuti m'menemo muli mlandu. Oimbidwa mlanduwo ndi atatu: nzeru za sayansi, cipembedzo, ndi cinyengo. Nanga wopalamula ndani?

Nkhani yace iri motere. Henry Jekyll anali dotolo wolemera ndi wolemekezeka wa ku London. Kuyambira ubwana wace anali ndi zilakolako zimene anacita nazo manyazi, nazibisa. Tsono anasanganiza mankhwala akuti akamwa asanduke munthu wina, wamfupi ndi woipa nkhope, amene anamucha Edward Hyde. Usiku wina Hyde anaponda kamtsikana mumseu, ndipo anthu atamgwira analipira banja la mwanayo mapaundi 100. Pambuyo pace anapha ndi ndodo nkhalamba yolemekezeka, Sir Danvers Carew. Potsiriza Jekyll anayamba kusanduka Hyde osamwa kanthu. Pamene bwenzi lace Utterson, amene anali loya, ndi wanchito wace Poole anathyola citseko ndi nkhwangwa, anapeza Hyde atadzipha ndi mankhwala akupha.

Luso la mlembi lioneka pa nyumba ya Jekyll. Khomo la kumaso linali lokongola, lolowera alendo aulemu. Khomo la kuseri linali lakuda ndi losasamalidwa, ndipo ndilo analowerapo Hyde. Wodutsa panjira akadati ndi nyumba ziwiri, koma inali imodzi, ndi mwini wace mmodzi. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Woyamba kufunsidwa akhale sayansi. Masiku amenewo anthu a ku England anali kutsutsana za buku la Charles Darwin la m'caka ca 1859, lonena kuti zamoyo zinasinthika pang'onopang'ono kucokera ku zamoyo zina zakale. Ambiri anaopa kuti mwa munthu mukali cirombo. Stevenson anawadziwa mantha amenewa, cifukwa cace afanizira Hyde ndi nyani. Komabe Jekyll mwini abvomera kuti mankhwalawo sanali abwino kapena oipa. Anangotsegula citseko, ndipo coturuka cinali cimene cinalimo kale. Nkhwangwa idula mtengo, iphanso munthu, koma pabwalo saweruza nkhwangwa. Cimene bukuli litsutsa ndi kunyada kwa wophunzira. Jekyll anayesa kuti adziwa zonse za mankhwala ace, koma mphamvu yace inali m'kacitsotso kosadziwika kamene kanali mu mcere umene anayamba kugula. Utatha mcerewo, wina woyera bwino sunagwire nchito.

Waciwiri ndi cipembedzo. Stevenson analeredwa m'banja la mpingo wa Presbyterian losunga malamulo zolimba, ndipo atakula anakangana ndi atate wace pa za cikhulupiriro. Wina angaganize kuti analemba bukuli kuti anyoze Mulungu, koma si tero. Hyde atapha Carew, Jekyll anagwada nalira, nayamba kupembedza ndi kuthandiza osauka. Tsiku lina anakhala pampando m'munda wa Regent's Park, akuotha dzuwa, nayamba kudziyerekeza ndi anthu ena ndi kudziona wabwino koposa iwo, monga Mfarisi uja wa m'fanizo. Nthawi yomweyo anasanduka Hyde, dzuwa likuswa mtengo. Apa mlembi aonetsa kuti kulapa kwa Jekyll kunali mantha a cingwe ca opacikidwa, ndi kuti kudzilungamitsa ndiko kunaitana cirombo. Ndiponso m'cipinda cace anapezamo buku la mau a Mulungu lolembedwa zamwano m'mbali mwace, ndipo dzanja lolembalo linali la Jekyll.

Watsala wacitatu. Jekyll sanafune kuleka zoipa. Anafuna kuzicita popanda manyazi ndi popanda cilango, kuti Hyde adye, Jekyll atamandidwe. M'kalata yace yotsiriza akana kuti sanali wonyenga, ndipo ponena za Hyde alankhula ngati anena za mlendo. Wowerenga asamkhulupirire msanga. Amene anapezera Hyde nyumba ku Soho, namlembera cuma ca masiye, anali Jekyll yemweyo. Anafuna kubisala m'mapanga awiri, ndipo anabvumbwa.

Stevenson anaudziwa mtundu uwu wa anthu kwao ku Edinburgh. Kumeneko kunali William Brodie, mmisiri wa matabwa ndi mmodzi wa akuru a bwalo la mzinda, amene usana anali wolemekezeka koma usiku anali kuthyola nyumba za anthu. Anampacika m'caka ca 1788.

Cinyengo sicikula cokha. Acilera ndi abwenzi okhala cete. Utterson anali munthu wokoma mtima, koma ataona zizindikiro zakuti Jekyll abisa wakupha munthu, anatsekera kalata m'bokosi lacitsulo kuti dzina la bwenzi lace lisaipe. Mbale wace Enfield anali ndi lamulo lakuti cinthu cikaoneka cokayikitsa, asafunse. Dr Lanyon, amene anaona ndi maso ace Hyde akusanduka Jekyll, anadwala ndi mantha namwalira, atalamula kuti kalata yace isatsegulidwe msanga. Onsewa anasamala mbiri ya munthu koposa coonadi.

Bukuli liri ndi zofooka zace. Akazi alimo owerengeka, ndipo palibe mmodzi amene apatsidwa malo akuru. Ndiponso kupatsa Hyde thupi lonyansa kungasoceretse wowerenga, ayese kuti woipa adziwika ndi nkhope. Koma nkhani yomweyo ikonza colakwaci, pakuti woopsa weniweni ndi dotolo wa nkhope yosalala uja amene anasanganiza mankhwala.

Kotero mlandu ugwera cinyengo. Sayansi inali cida cace, cipembedzo cinali copfunda cace. Stevenson sanachule zilakolako zimene Jekyll anabisa poyamba, ndipo anacita bwino, pakuti wowerenga ali yense adzaza mpatawo ndi zimene iye mwini abisa kuseri kwa nyumba yace.