Nkhope Zobisika za Vanessa Bell

Munthu akapita kwa wojambula zithunzi, chimene amafuna kuona poyamba ndi nkhope yake. Akapeza kuti mphuno yapotoka kapena maso sakufanana ndi ake, amadandaula kuti ndalama zake zalowa m'madzi. Nanga tinene chiyani za mmisiri amene adajambula mng'ono wake wa bere limodzi, nasiya nkhope ili see ngati dzira, yopanda maso ngakhale pakamwa? Izi ndi zimene adachita Mayi Vanessa Bell a ku England cha m'ma 1912, ndipo ine ndikuona kuti m'zithunzi zimenezi ndi mmene muli mphamvu ya luso lawo, komanso chilema chawo.

Mayiwa adabadwa mumzinda wa London m'chaka cha 1879. Bambo awo, a Leslie Stephen, adali mlembi wotchuka, ndipo mng'ono wawo ndiye Virginia Woolf, katswiri wa nthano zazitali. Amayi awo atamwalira mu 1895, kenaka mkulu wawo Stella mu 1897, udindo wonse wa pakhomo udagwera Vanessa akali mtsikana. Sabata iliyonse ankapereka kwa bambo awo buku la ndalama zogulira zinthu za m'nyumba, ndipo bamboyo akaona kuti zachuluka ankakalipa koopsa. Virginia adadzalemba kuti mkulu wakeyo ankangoima chilili, osayankha kanthu. Tisaiwale kukhala chete kumeneku, pakuti tikumana nako m'zithunzi.

Mu 1901 adalowa sukulu ya luso ya Royal Academy, kumene ankaphunzitsa kujambula munthu monga momwe diso limamuonera. Koma mu 1910 Roger Fry adaonetsa ku London zithunzi za akatswiri monga Cézanne, Gauguin ndi Matisse, amene ankalemekeza mitundu ya utoto ndi kaimidwe ka zinthu koposa kufanana. Anthu ambiri adanyoza. Mayi Bell adaona ngati awamasula goli.

Tiyeni tsono tione zithunzi za Virginia zija. M'chimodzi mwa izo wakhala pampando wa ndalema wachikasu chofiirira, waweramitsa mutu, manja ali pa zoluka. Maso ndi pakamwa zikuoneka mwa chizimezime. M'china nkhope ilibe kanthu kalikonse. Komabe amene adamdziwa sakadafunsa kuti uyu ndani. Kapendekedwe ka khosi, kagwedwe ka mapewa ndi kakhalidwe ka munthu amene thupi lili pano koma maganizo ali kutali, zonsezi ndi Virginia. Ndi mmenenso ife timazindikirira mbale wathu akubwera patali madzulo, nkhope isanaoneke, chifukwa cha kayendedwe kokha. Ndiponso Virginia ankadana ndi kuyang'anitsitsidwa. Pofufuta nkhope ija, mkulu wake adanena zoona za iye, namteteza nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso pa chithunzi cha Studland Beach cha nthawi yomweyo: amayi ndi ana ali m'mbali mwa nyanja, onse atifulatira. Palibe akuseka kapena kulira, koma woonera amagwidwa ndi kachisoni kosadziwika kochokera.

Ntchito yawo siidathere pa zithunzi zopachika. Mu 1913 iwo, Fry ndi Duncan Grant adatsegula Omega Workshops, malo opangirako nsalu, mipando, mbale ndi makapeti, ndipo lamulo lidali lakuti pasalembedwe dzina la mmisiri pa chinthu chilichonse. Malowa adatsekedwa mu 1919. Nyumba ya Charleston ku Sussex, kumene adasamukira mu 1916, adaikongoletsa zitseko, makoma ndi matebulo omwe, ndipo lero anthu amapita kukaiona. Adajambulanso zikuto za mabuku a mng'ono wawo, monga Mrs Dalloway mu 1925 ndi To the Lighthouse mu 1927. Ena amati zimenezi zidawatayitsa nthawi. Ine sindivomereza. Amene amapeputsa nsalu nakweza chithunzi cha m'felemu sadaonepo mayi akusankha chitenje.

Koma kubisa nkhope kuli ndi mtengo wake. Mayi Bell adakwatiwa ndi Clive Bell mu 1907, koma mwana wawo wamkazi Angelica, wobadwa mu 1918, adali wa Duncan Grant. Mwanayo adakula akuyesa Clive ndiye bambo wake, ndipo adauzidwa zoona ali kale namwali. M'buku lake la 1984, Deceived with Kindness, adafotokoza mmene chinsinsichi chidamupwetekera. Sitingaweruze chithunzi potengera khalidwe la wochijambula, komabe nkovuta kusaona kuti dzanja limene lidafufuta nkhope pansalu pofuna kuteteza, lidafufutanso choonadi pakhomo ndi cholinga chomwecho. Pansalu zidabala kukongola. Pakhomo zidabala bala.

Imfa zidawatsata motsatizana. Mwana wawo woyamba, Julian, adaphedwa ku Spain mu 1937 akuyendetsa ambulansi pankhondo, ndipo Virginia adadziponya mumtsinje mu 1941. Kuchokera apo mayiwa adadzitsekera ku Charleston, akujambula maluwa, zipinda za nyumba yawo ndi adzukulu awo, amene ankawakhazika pampando m'chipinda chojambuliramo. Openda luso ambiri amati zithunzi za zaka zimenezi ndi zozizira, zopanda kulimba mtima kwa 1912. Kunena zoona, pali pomveka. Nkhope za adzukulu zili ndi maso, mphuno ndi milomo, zonse m'malo mwake, ndipo zina mwa izo sizitiuza zambiri kuposa kuti agogo ankawakonda anawa. Koma ndimadzifunsa ngati mayi amene wataya mwana ndi mng'ono angafunenso kufufuta nkhope ya wamoyo. Mwina adafuna kuisunga yonse, isadasowe nayonso.

Pali chithunzi chimodzi cha ukalamba wawo chimene chimatsutsa onse onena kuti luso lidawathawa. Cha m'ma 1958, akuyandikira zaka 80, adadzijambula okha atavala magalasi, chipewa chachikulu ndi nsalu ya m'mapewa. Sadadzikometsere. Nkhope ndi yoonda, yotopa, ndipo maso akuyang'ana osapempha chifundo kwa wina aliyense. Apa nkhope yaonekera yonse, koma siikuulula kanthu. Ndi mtsikana uja woima chilili pamaso pa bambo ake, tsopano ali gogo.

Adamwalira ku Charleston mu 1961. Kwa zaka zambiri dzina lawo linkatchulidwa pambuyo pa la Virginia kapena la Duncan Grant, mpaka mu 2017 pamene Dulwich Picture Gallery ku London idaonetsa ntchito zawo pazokha.