Mboni imene khoti silinaimve: Mayella mu To Kill a Mockingbird

Ambiri amene awerenga buku la Harper Lee lotchedwa To Kill a Mockingbird, lomwe linatuluka mu 1960 ndipo ku Brazil linamasuliridwa m'Chipwitikizi ndi mutu wakuti O Sol é para Todos, amakumbukira Atticus Finch, loya wachizungu amene anaimirira munthu wakuda m'tauni yopeka ya Maycomb ku Alabama. Koma kwa mphunzitsi wa ku Milange, amene tsiku ndi tsiku amaona mwana akusakasaka mawu pakati pa chinenero cha kunyumba ndi Chipwitikizi cha m'kalasi, woyenera kumuyang'anitsitsa ndi Mayella Ewell.

Mlandu wake uli m'mitu 17 mpaka 21. Mayella, mtsikana wachizungu wa zaka 19 wochokera m'banja losauka, akunena kuti Tom Robinson anamugwiririra. Umboni ukusonyeza zina. Mabala ali kumanja kwa nkhope yake, kutanthauza kuti womumenyayo anagwiritsa ntchito dzanja lamanzere. Mkono wamanzere wa Tom unapuwala m'makina ochotsa njere za thonje ali mnyamata, pamene bambo ake a Mayella, Bob Ewell, amalemba ndi dzanja lamanzere khoti lonse likuona. Dokotala sanaitanidwe n'komwe. Ngakhale zili chonchi, amuna 12 achizungu osankhidwa kugamula mlanduwo akupeza Tom wolakwa, ndipo pambuyo pake akuwomberedwa kundende.

Luso lalikulu la Lee lili pa mutu 18, pamene Mayella akupereka umboni. Atticus akumuyankhula ndi mawu aulemu amene amaitanira amayi olemekezeka, koma iye akukwiya poganiza kuti akumunyoza. Atamufunsa ngati ali ndi anzake, akusokonezeka ngati kuti funsolo lili m'chinenero chachilendo. Onse awiri akulankhula Chingerezi, komabe sakumvana, chifukwa ulemu wa m'khoti sunafikepo pakhomo pa mtsikanayu. Amene anaonapo mwana wa giredi yoyamba atangoti chete pofunsidwa m'chinenero chimene sachidziwa angazindikire nkhope imeneyi.

Funso la bambo ake likafika, Mayella akuyamba kuyankha kenaka n'kuima pakati. Atticus ndiye akumalizitsa za kuledzera, iye n'kungogwedeza mutu. Zoti bambo akewo amamumenya akukanitsitsa, chonsecho iwo akhala poteropo akumuyang'ana. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Bambo amene amamuzunza ndi yemweyo amene abwerere naye kunyumba madzulo, komwe kuli azibale ake ang'onoang'ono 7 opanda mayi. Mu umboni wa Tom mulinso mawu osonyeza kuti nkhanzazo zinapitirira kumenya, koma woweruza ndi maloya onse akungowadutsa.

Apa ndi pamene bukuli liyenera kuwerengedwa mosamala. Bodza la Mayella linaphetsa munthu wosalakwa, ndipo mphunzitsi sayenera kulichepetsa. Komabe bukuli, mofanana ndi khotilo, likumugwiritsa ntchito mtsikanayu ngati njira yotsimikizira kuti Tom ndi wosalakwa, kenaka n'kumutaya. Nkhani yonse ikukambidwa ndi Scout, mwana wa loya, choncho owerenga salowa m'nyumba ya Mayella kapena kumva maganizo a Tom kunja kwa khoti. Bob Ewell akufa kumapeto pamene waukira ana a Atticus. Zimene ankachitira mwana wake sizinafike pabwalo lililonse. Buku lotchuka chifukwa chokamba za chilungamo lasiya mlandu umodzi wosazengedwa.

Nkhaniyi si ya ku America kokha. Mozambique ili ndi lamulo la nambala 29/2009 lokhudza nkhanza za m'banja kwa amayi, ndi la nambala 19/2019 loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18. Palinso nambala yaulere ya 116, Linha Fala Criança. Koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha wozunzidwa akalankhula ndipo wina akamumva. Malamulowa analembedwa m'Chipwitikizi, pamene mwana wa ku Milange amalira ndi kudandaula m'Chinyanja kapena m'Chilomwe. Kuyambira pa kafukufuku wa PEBIMO, amene anayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, maphunziro a zinenero ziwiri akhala akuyamikiridwa chifukwa ana amalankhula momasuka m'kalasi. Kumasuka komweko kumatanthauza kuti mphunzitsi akhoza kukhala munthu wamkulu woyamba kumva zimene zikuchitika pakhomo pa mwana.

Bukuli ndi lolemera kwa ana a pulaimale, koma aphunzitsi akhoza kuwerengera limodzi mutu 18 pamsonkhano wawo ndi kuyesa kumasulira mafunso a Atticus m'Chinyanja. Adzaona msanga kuti funso lililonse lili ndi cholinga chopulumutsa Tom, ndipo palibe lofunsidwa kuti liteteze Mayella. Phunziro lake ndi lomveka: mwana akayamba kulankhula n'kuima pakati, asafunsidwe pamaso pa amene akumuopa, asamalizitsiridwe mawu, ndipo apatsidwe mpata wofotokoza m'chinenero chake asanatumizidwe kwa oyenera kumuthandiza.