Zipangizo zowongolera msana: umboni ndi wochepa

Alimi a mpunga a ku Bua, m'boma la Nkhotakota, amakhala chiweramire tsiku lonse powokera ndi kupalira. Asodzi nawo amalimbana ndi makoka ndi nkhafi. Ambiri amadandaula msana, ndipo otsatsa zipangizo zokoka kapena kuwongola msana amalonjeza machiritso achangu. Kafukufuku sakugwirizana nawo.

Mu 2013, bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 32 wokhudza anthu 2,762, ndipo linapeza kuti kukoka msana sikuchepetsa ululu kwenikweni, komanso sikuthandiza munthu kubwerera msanga ku ntchito. Mu Disembala 2023, bungwe la WHO linalangiza kuti njirayi, ngakhalenso malamba omanga m'chiuno, zisamagwiritsidwe ntchito pa msana wopweteka koposa miyezi itatu. M'malo mwake linalimbikitsa masewera olimbitsa thupi ndi kuphunzitsa wodwala kudzisamalira.

Wogwiritsa ntchito chipangizo atha kupezako bwino kwakanthawi. Koma nthawi zambiri msana umaleka wokha kupweteka m'masabata angapo, ndiye chimatamandidwa ndi chipangizocho.

Choopsa chachikulu ndi kuchedwa kupita kuchipatala. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo likodzo, lomwe ndi lofala m'mbali mwa nyanja, nthawi zina limawononga mtsempha wa mumsana mpaka kupuwalitsa miyendo. Munthu amene akuwonda, kutentha thupi, kufooka miyendo kapena kulephera kukodza bwino apite msanga ku chipatala cha boma cha Nkhotakota. Matenda amenewa sachizika ndi chipangizo.