Kodi Voti Imatayika?

Loweruka lina masana, titamaliza kuyeseza nyimbo, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi, ndipo nkhani inatembenukira ku masankho. Mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene anali atangotenga kumene khadi yake yovotera, anachula dzina la munthu amene afuna kudzamsankha kukhala mtsogoleri wa dziko. Dzinalo silinali la mmodzi wa akuluakulu awiri aja amene zitenje zao zimadzaza msika wa pa Boma. Gulu lonse linafa nalo phwete. Mnyamata wina wamkulupo anati: "Iwe mlongo wanga, kumeneko ndiko kutaya voti. Kuli bwino ungokhala kunyumba uzipuntha mpunga." Mtsikanayo anazyolika, ndipo sanalankhulenso kufikira tinabalalika.

Ndiyenera kubvomera kuti inenso ndinasekako. Koma pobwerera kunyumba mau aja anandibvuta mumtima. Mau akuti "usataye voti" tawamva kwa akulu athu, pa wailesi ndi pa misonkhano ya ndale, kotero kuti ambiri a ife timawalandira ngati mwambi wa makolo. Si mwambi iai. Ndi ciphunzitso ca andale, ndipo ciphunzitso ciri conse ciyenera kupetedwa monga ticita ndi mpunga wathu wa kuno ku Chama, kuti tione cimene citsala m'licero mankhusu atauluka.

Pamene mauwa anena zoona

Tiyambe ndi kuwapatsa ulemu wao, pakuti sanabadwe opanda cifukwa. Pa 27 December 2001, anthu 11 anapikisana pa mpando wa pulezidenti wa Zambia. A Levy Mwanawasa a MMD anapambana ndi mavoti pafupifupi 29 mwa 100 ali onse. A Anderson Mazoka a UPND anapeza 27, ndipo kusiyana kwa awiriwa kunali mavoti pafupifupi 34,000 cabe m'dziko lonse. Pambuyo pao panali a Christon Tembo a FDD ndi maperesenti 13, a Tilyenji Kaunda a UNIP ndi 10, ndi a Godfrey Miyanda a Heritage Party ndi 8. Werengani bwino: mwa anthu 10 ali onse amene anavota, 7 sanafune cipani colamula, koma cipani colamula ndico cinabwerera m'boma. Akulu anati mbewa zikacuruka siziika masa. Otsutsa boma anali ambiri, ali yense akukumba una wake, ndipo onse anagona pa dothi.

Zofanana nazo zinaoneka mu 2008, a Mwanawasa atamwalira. A Rupiah Banda anapeza maperesenti 40, a Michael Sata 38, ndipo a Hakainde Hichilema, amene anali wacitatu, anatenga pafupifupi 20. Kuno kwa anansi athu a ku Malawi, mu May 2019, a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi maperesenti 38 ndi pang'ono, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Saulos Chilima pamodzi anali ndi oposa 55. Ngakhale ku America, dziko la zipani zazikulu ziwiri, mu 2000 a George W. Bush anatenga Florida ndi mavoti 537 okha, pamene a Ralph Nader a cipani cacing'ono anapezako oposa 97,000, ndipo anthu akali kutsutsana za mavoti amenewo.

Cotero munthu amene anaona zimenezi ndi maso ake sitingamuseke akamaticenjeza. Pansi pa lamulo lakuti wopeza mavoti ocuruka ndiye wapambana, ngakhale sanafike theka, kugawikana kwa anthu ofuna cinthu cimodzi kumapereka mpando kwa munthu amene iwo onse sanamfune.

Pamene mauwa aiwala mbiri

Koma tiyeni tibwerere ku ndandanda ija ya 2001 ndi kutsikira m'munsi. Pa nambala 7 tipezapo dzina la a Michael Sata a Patriotic Front, cipani cimene cinali ndi miyezi yowerengeka cabe, ndi mavoti osafika maperesenti 4. Ndithu anthu amene anawavotera caka cimeneco anasekedwa monga anasekedwera mlongo wathu uja. Mu 2006 a Sata anakwera kufika pa 29, mu 2008 pa 38, ndipo mu September 2011 analumbira kukhala pulezidenti ndi maperesenti 42. A Hichilema anakhala wacitatu katatu konse, mu 2006, 2008 ndi 2011. Anakhala waciwiri mu 2015 ndi 2016, ndipo pa ulendo wacisanu ndi cimodzi, mu August 2021, anapambana ndi maperesenti 59.

Tsopano ndifunse: akanakhala kuti onse anamvera uphungu wa "usataye voti" mu 2001, kodi PF ikanakula ndi ciani? Cipani cacing'ono cimakula ndi mavoti omwe aja ochedwa otayika. Ndiwo amaonetsa atsogoleri ace kumene ali ndi anthu, ndiwo amalimbitsa mtima amembala kuti asathawe, ndiwonso amakopa ena kuti abwere pa cisankho cotsatira.

Ndipo cipani cacikulu sicikhala cacikulu muyaya. UNIP inalamulira dziko lino zaka 27, MMD zaka 20, koma mu 2021 oimira zipani ziwirizi sanafike ngakhale peresenti imodzi ali yense. Ife a kum'mawa tiyenera kuidziwa bwino nkhani imeneyi. Mu October 1991, pamene dziko lonse linatsata a Frederick Chiluba ndi kuwapatsa mavoti atatu mwa anai ali onse, cigawo cathu cinaima ndi a Kenneth Kaunda, ndipo mipando yonse 19 ya kum'mawa inapita kwa UNIP. Makolo athu anavotera wolephera. Kodi tinganene kuti anataya mavoti? Mwa aphungu 150, UNIP inapeza 25, ndipo 19 mwa iwo anacokera kuno. Popanda amenewo nyumba ya malamulo ikanakhala ngati ya cipani cimodzi, m'caka comwe cija cimene tinacotsa ulamuliro wa cipani cimodzi.

Lamulo linasintha, koma mau sanasinthe

Colakwa cacikulu ca mauwa ndi cakuti ndi akale kuposa lamulo limene tigwiritsa nchito. Mu January 2016 malamulo akulu a dziko anakonzedwa, ndipo kuyambira pamenepo wofuna kukhala pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse abwino. Ngati palibe wafikapo, awiri apamwamba amapikisananso pasanathe masiku 37. Zimene zinacitika mu 2001, kuti munthu alowe ku State House ndi maperesenti 29, sizingacitikenso pansi pa lamulo limeneli.

Ganizani tanthauzo lace. Ukavotera munthu wa cipani cacing'ono, voti yako imawerengedwa m'ciwerengero ca mavoti onse, ndipo imakweza mpanda umene wamkulu ali yense ayenera kulumpha. Siithandiza wamkulu amene iwe sumfuna kuti adutse theka. Kwenikweni imamlepheretsa, monga momwe ikanacitira ukanaipereka kwa mdani wace wamkulu. Cimene imacita ndi kucedwetsa cigamulo. Ndipo pakakhala ulendo waciwiri, udzakhalanso ndi mpata wosankha pakati pa awiri otsalawo, utanena kale zakukhosi kwako pa ulendo woyamba.

Masamu a August 2016 aonetsa bwino zimenezi. A Edgar Lungu anapeza maperesenti 50.35, a Hichilema 47.63, ndipo ena 7 otsala anagawana pafupifupi 2. A Lungu anadutsa theka ndi mavoti pafupifupi 13,000 cabe. Kukanabwera anthu ena 26,000 ndi pang'ono mwa aja anakhala kunyumba, ndi kuvotera ngakhale uja anali wothera pa ndandanda, dziko lonse likanabwereranso ku mabokosi. Sindinena kuti zikanakhala bwino kapena zoipa. Ndingoti voti imene iri ndi mphamvu yotere siyenera kuchedwa yotayika.

Kunena zoona, pali mtengo wace. Cisankho caciwiri cimadya ndalama za dziko, cimatalikitsa masiku a mantha ndi mikangano, ndipo kwa agogo athu a kwa Chifunda kapena kwa Chikwa ndiye kuti kuyendanso mtunda uja kaciwiri. Munthu amene wasankha kuthandiza wamkulu kuti nkhani ithe tsiku limodzi ali ndi mfundo yomveka. Koma anene conco, kuti "ndifuna zithe lero", osati kunamiza mnzace kuti pepala lace lagwera m'madzi. Tikumbukenso kuti lamulo la theka ndi la pulezidenti. Pa phungu wa dera ndi khansala, wopeza ocuruka ndiye amapambana, cotero kumeneko cenjezo la 2001 likali ndi mano.

Voti yotayikadi

Ngati tifuna kulira mavoti otayika, tilire oyenera. Mu 2016 mapepala oposa 80,000 anakanidwa cifukwa sanacongedwe bwino. Amenewa anali ambiri kuposa mavoti onse a zipani zazing'ono 7 zija pamodzi. Mu January 2015, pakati pa dzinja, mwa anthu atatu ali onse olembetsa mmodzi yekha ndiye anavota, ndipo mpando unapita ndi kusiyana kwa mavoti osafika 28,000. Mnyamata uja anauza mlongo wathu kuti kuli bwino akhale kunyumba. Pa mau onse amene ananenedwa pansi pa mango paja, amenewa ndiwo anali oopsa.

Palinso voti ina yotayika imene sitikonda kuichula: yogulitsidwa. Citenje, kapu, mcere kapena ndalama ya mowa wa tsiku limodzi, ndiye wasainira zaka zisanu. Ndi inanso: yoponyedwa cifukwa cakuti "uyu ndi wathu", kapena cifukwa cakuti pamudzi ponse anena kuti ndiye apambana. Cisankho si mpira wa pa wailesi kuti unyadire kuti unalosera bwino. Wovotera wopambana popanda kudziwa cifukwa cace alibe cimene wapambana.

Zipani zazing'ono nazo ziri ndi mlandu

Owerenga asaganize kuti ndikuti cacing'ono ciri conse ncoyera. Mu 2021 panali maina 16 pa pepala, ndipo 14 a iwo pamodzi sanafike maperesenti 3. Lamulo lifuna kuti wopikisana abweretse omcirikiza 100 olembetsa kucokera m'cigawo ciri conse, koma kupeza anthu 100 tsiku limodzi si kukhala ndi cipani. Zipani zina zimaphuka ngati bowa nyengo ya cisankho ndi kufota mabokosi atangotsekedwa. Zina ziribe nthambi ngakhale imodzi kupyola Lundazi, ndipo mtsogoleri wace sanapondepo fumbi la mseu wa ku Chama. Enanso amaima kuti aoneke cabe, kuti pambuyo pace akagulitse anthu ao kwa wopambana posinthana ndi mpando. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiponso nthawi zina njira yanzeru ya wamng'ono ndiyo kugwirizana ndi ena poyera. Ku Malawi, khoti litafafaniza cisankho ca 2019 pa 3 February 2020 ndi kunena kuti wopambana ayenera kuposa theka, a Chakwera ndi a Chilima anaima pamodzi mu Tonse Alliance, ndipo mu June 2020 anapambana ndi maperesenti pafupifupi 59. Mtsogoleri wokana mgwirizano uli wonse cifukwa ca kufuna kuti nkhope yace yokha ioneke pa pepala ayenera kufunsidwa mafunso.

Cotero muyeso ukhale umodzi kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Kodi munthuyu anali kuti zaka zinai zapitazi? Kodi cipani cace cimacita masankho m'kati mwace, kapena ndi munda wa munthu mmodzi? Kodi wanenapo ciani comveka za miseu ndi milatho imene imatidula ku dziko lonse mitsinje ikadzala, za mtengo wa mpunga ndi thonje, za njobvu zimene zimatha munda usiku umodzi, za ife otsiriza sukulu amene tikhala opanda nchito? Boma lathu la Chama linacotsedwa kum'mawa ndi kuikidwa ku Muchinga mu 2011, ndipo linabwezedwanso mu 2021. Ife tidziwa bwino kuti zimene zigamulidwa ku Lusaka zimafika mpaka pakhomo pathu. Wamkulu akayankha bwino mafunsowa, mvotereni osacita manyazi. Wamng'ono akayankha bwino koposa, mvotereninso osacita manyazi.

Mlungu wotsatira ndinapita kwa mtsikana uja kukapepesa cifukwa ca kuseka kwanga. Ndinamfunsa cifukwa cimene anasankhira munthu ameneyo, ndipo anandipatsa zifukwa zitatu, zimene ziwiri sindinagwirizane nazo. Ndinafunsanso mnyamata uja za munthu wace, ndipo yankho lace linali limodzi: "Ndiye adzawina." Anzanga, pa msonkhano wanu wotsatira yesani kufunsana funso lomweli, ali yense apereke zifukwa zace popanda kuchula za kuwina. Mukatero mudzaona nokha amene ali pafupi kutaya voti.