Pelele ndi Waya wa Msampha

Pamene Dr. Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza akazi a Cimang'anja atabvala pelele pa mlomo wa m'mwamba. Olemera anali nalo la mnyanga kapena la citini, osauka la nsungwi. Nsungwi imera yokha, yosagula. Koma mmisiri ataisema ndi kuisalaza, mkazi anayenda nayo pabwalo wopanda manyazi. Tsono makolo athu anadziwa kale kuti cokometsera thupi cikoma cifukwa ca dzanja locipanga, si cifukwa ca mtengo wace ai.

Tikumbuka izi polingalira nchito ya akazi a ku Mfuwe, m'cigwa ca Luangwa ku Zambia, kumene kuli nyumba ya amisiri yochedwa Mulberry Mongoose, yoyambika m'caka ca 2013. Alonda a nyama akaonjola misampha ya waya imene anthu anachera mobisa m'thengo, amisiriwo atenga wayayo, namdula, namsula ndi nyundo, napanga naye zibangili, ndolo ndi za m'khosi. Ndipo gawo la mtengo wace lipita kwa iwo akusunga nyama.

Nanga zinthu zotere zikoma kodi? Tiweruze moona. Ife tiyesa zoposa zija zosabisa ciyambi cace. Waya wa msampha ndi wouma, wosamvera msanga. Ndipo cibangili cooneka zipsera za nyundo cinena cokha mbiri yace, kuti cimene cikadapotola khosi la mbawala cakhala cokometsera mkono wa mkazi. Koma mmisiri ali yense akaunjikapo nthenga, timiyala ndi zonyezimira, waya aphimbika, mbiri itayika, ndipo cotsalaco cingofanana ndi za m'sitolo.

Cilema cina taciona m'mikanda ya mapepala opota yogulitsidwa m'misika. Ikondweretsa maso tsiku loyamba. Koma ikapanda kupakidwa bwino mankhwala oumitsa, thukuta la Okutobala kuno ku Chikwawa liifewetsa msanga. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cinthu cacabe cifuna mmisiri wosamala koposa. Pakuti golidi adzikometsa yekha, koma pepala lilibe comthangata cina koma luso.

Cimene citibvuta mtima koposa ndi ici: zambiri za mtundu uwu zipangidwira alendo ocokera kutali, pamene ana athu akazi a ku Nchalo ndi ku Bangula abvala za pulasitiki zocokera kunja. Luso limene eni dziko salibvala lidzafa tsiku limene alendo adzaleka kufika. Ndipo zopangira sitizisowa. Ku Majete, kumene a African Parks anayamba kusunga nyama m'caka ca 2003, ndi ku Lengwe komwe, alonda aonjola misampha yotereyi. Ndipo migwalangwa ya m'cigwa cathu ibala njere yoyera ndi yolimba ngati mnyanga, yosalira kupha njobvu. Koma wayayo apemphedwe kwa alonda. Munthu wochera msampha kuti apeze cibangili waononga tanthauzo lonse.

Sitinena kuti pelele libwerenso pa milomo ya ana athu, iai. Tipempha inu osula ndi inu aphunzitsi anzathu kuti muonetse ana nyundo ndi tupa, kuti mtsikana wa ku Nsanje akabvale pa tsiku la ukwati wace cinthu copangidwa m'mudzi mwao, nacibvale wopanda manyazi monga anacitira agogo ace.